Mphindi Imodzi Yokhala Chete

"Makiyi a ndani awa ali m'furiji mwa amayi?"

Renita anafunsa atagwira chitseko cha furijiyo, diso lili pa mtsikana wa ku wailesi. Makiyi a galimoto anali atakhala phee pakati pa botolo la mkaka ndi mbale ya nyemba zadzulo, ngati ndi kwawo.

"Ndi anga, Mayi Renita, pepani," anayankha Tavia uku akuwongola waya. "Furijiyi ndaizimitsa chifukwa imalira, ndipo makinawa amatola phokoso lililonse. Ndiye timaikamo makiyi kuti tisachoke tisanaiyatse. Tinaoletsapo nyama ya eni ake."

"Oho. Mumatero kodi."

Renita anatseka chitsekocho pang'onopang'ono. Munthu akagwira ntchito ku positi ya ku Louisville zaka 26, amaphunzira kuti envelopu yooneka bwino kwambiri ndiyo imabwera ndi nkhani yoipa. Ndipo Tavia Bledsoe anali envelopu yooneka bwino: waulemu, womwetulira, wodziwa kunena kuti "amayi" pa malo ake. Ankagwira ntchito ku Pakhonde, pulogalamu ya wailesi ya anthu onse ija imakamba za khungu ndi chikhalidwe, imene anthu amamvera pa foni akamapita ku ntchito. Azungu a kum'mawa kwa mzinda ankaikonda koopsa. Ife akuda a kuno ku West End tinkaimvera ndithu, koma khutu limodzi lili tcheru, chifukwa tinaonapo nkhani zathu zikutuluka pakhomo zitavala bwino n'kukafika pa wailesi zili maliseche.

Tavia anabwera kudzajambula mawu a Mayi Odessa Crenshaw, amayi ake a Renita, amene anawongola tsitsi la akazi a dera lonselo m'khitchini momwemo kwa zaka makumi asanu, ndi chipeso chachitsulo chootcha pa mbaula. Renita anachita kupempha tsiku ku ntchito kuti adzakhalepo. Sankafuna kuti gogo wa zaka 78 atsale yekha ndi makina.

Kwa ola lathunthu panalibe chokayikitsa, ndipo zimenezo n'zimene zinkamukayikitsa Renita. Mayi Odessa anakamba za fungo la mafuta akapsa, za atsikana ogwira khutu kuopa moto, za Loweruka loti mawa lake ndi Pasaka, pamene mzere unkafika kukhonde.

"Nanga amene ankagwedezeka?" anafunsa Tavia.

"Ankanyamuka ndi chidindo changa pakhosi," anatero gogoyo. "Pita ukayang'ane makosi a azimayi a kwaya. Theka la iwo ndinawalemba ndine."

Tavia anaseka mosatulutsa mawu, monga amachitira a wailesi, kenako anayang'ana makina ake.

"Tatha, amayi. Koma ndipemphe kanthu kamodzi: tonse tikhale chete mphindi imodzi. Chipinda chilichonse chili ndi kachetechete kakekake. Timakajambula kuti tikamakadula mawu tizikamata nako m'mipata."

"Mukujambula kupanda kanthu?" anafunsa Renita.

"Eya. N'kofunika kwambiri."

Asanayambe n'komwe kukhala chete, makina otchetchera udzu anabangula kuseri kwa mpanda. Anali Bambo Thurmond a nyumba yoyandikana nayo. Tavia anakwinya nkhope atagwira zomvera za m'makutu.

"Mayi Renita, simungawapemphe kuti ayime pang'ono pokha?"

"Pita, mwanawe," anatero Mayi Odessa. "Iweyo amakuopa."

Renita anatuluka. Bambo Thurmond anazimitsa makina awo msanga ndithu, koma kenako anayamba kumufotokozera za bondo lawo, za mdzukulu wawo wa ku Atlanta, mpaka za mtengo wa mafuta. Atawathawa n'kubwerera m'nyumba, anamva mawu a amayi ake asanafike n'komwe kukhitchini. Sanali mawu a nthabwala aja.

"...ndi chipeso chomwechi, m'mawa wa tsiku limene ankachoka. Clifton, mlongo wanga. Anabadwa woyera kuposa tonsefe, koma tsitsi ndilo linkamuulula. Ndinaliwongola ndi manja angawa, ndili ndi zaka 17. Ndinamuuza kuti, usanyowe ndi mvula mpaka ukafike. Anakwera basi ya kumpoto ali munthu wakuda, n'kukatsika ali mzungu. Mpaka lero."

Kanyale kofiira ka pa makina kanali kakuyaka.

"Zimitsa!" Renita anakuwa. "Zimitsa chinthucho pompano!"

Dzina limenelo silinkatchulidwa m'nyumba imeneyo. Kutchalitchi anauzidwa kalekale kuti Clifton anafa pa ngozi ku mafakitale a kumpoto, ndipo chaka chilichonse, Lamlungu lokumbukira omwalira, dzina lake linkawerengedwa pamodzi ndi la makolo ake, Mayi Odessa atakhala pa benchi yachiwiri ataweramitsa mutu. Renita anauzidwa zoona zake atakwatiwa kale, ndipo anauzidwa kamodzi kokha. Umboni woti amalume akewo ali moyo unali khadi la Khirisimasi lobwera chaka ndi chaka, lopanda dzina, lopanda keyala. Tsono bodza la zaka makumi asanu ndi limodzi linali litalowa m'kabokosi kakuda, ndipo kabokosiko kankalowa m'chikwama cha mlendo.

"Sindiulutsa chilichonse amayi asanavomere," anatero Tavia motsitsa mawu.

"Si asayina kale pepala lako lija usanayambe? Ukuganiza kuti sindinaone?"

"Pepalalo silipambana mawu awo."

"Khotekhote ngwa njira, mtsikana iwe, palinga mtima m'pomwepo. Tsitsi, tsitsi, tsitsi, kumachita ngati ukufuna za mafuta. Tenga makiyi ako."

Tavia anayatsa furiji, natenga makiyi ake ozizirawo, n'kutsanzika. Mayi Odessa anati mutu ukuwapweteka, ndipo anakagona.

Masiku awiri otsatira Renita ankasankha makalata manja okha, mutu uli kwina. Ankaika zinthu pamzere, ndipo zinkagwirizana mochititsa mantha. Mphindi ya chete: ndani anamvapo zojambula kupanda kanthu? Imeneyo ndi njira yoti nkhalamba iganize kuti zatha, ilekerere pakamwa. Kumutuma iye kunja: mwangozi? Ndiye panali Bambo Thurmond. Bamboyo, chiyambire kukhala pamenepo, ankatchetcha udzu Loweruka m'mawa basi, mvula kaya dzuwa. Tsiku lija linali Lachiwiri. Wina anawauza, mwinanso anawapatsa kangachepe. Ndipo wina anamutsina khutu Tavia za Clifton, apo ayi akanadziwa bwanji poponya mbedza? Renita anayamba kuwerenga azimayi a kwaya mmodzimmodzi.

Chimene chinkamuwawa kwambiri chinali kuganiza za omvera. Ankawaona m'maganizo, ali m'magalimoto awo, khofi ali m'manja, akupukusa mitu mwachifundo. Kenako chithunzi cha amayi ake pa tsamba la pa intaneti la pulogalamuyo, pansi pake anthu osawadziwa akulemba maganizo awo. Kenako Lamlungu, tchalitchi chonse chikucheuka kuyang'ana benchi yachiwiri. Zonsezo chifukwa cha mwamuna amene sanabwere ngakhale ku maliro a amayi ake omubereka.

Amayi ake akawafunsa ankangoti, "Zisiye, mwanawe," n'kumayang'ana pawindo. Renita ankaona ngati ndi manyazi a munthu wopusitsidwa, ndipo mtima unkamupweteka kwambiri.

Lachisanu ataweruka anapita ku wailesi atavala yunifolomu yake ya ku positi. Anamulandira mkonzi wa pulogalamuyo, mzungu wamtali wotchedwa Garrett Lindqvist, wa ulemu wochita kusefukira.

"Mayi Crenshaw! Ndi mwayi waukulu kukuonani. Nkhani ya amayi anu ija, ndinene zoona, ndi yamphamvu zedi."

"Dzina langa ndine Mayi Dorsey. Crenshaw ndi amayi anga. Ndiye mwaimva kale?"

"Ine ndi Tavia basi, monga mwa ntchito."

"Lero awiri. Mawa mzinda wonse. Ndabwera kuti muifufute ine ndikuona."

Garrett anatsegula pakamwa, koma Tavia anatulukira kumbuyo kwake n'kumugwira mkono.

"Ndisiyireni ine. Mayi Renita, tiyeni muimve kaye, kenako munene."

Anamulowetsa m'kachipinda kopanda windo, ka makoma ofewa ngati matiresi. Chitseko chitatsekedwa, makutu a Renita anachita ngati atsekeka. Anakana kukhala pansi.

"Anakuuza ndani za amalume anga?"

"Palibe."

"Earline wa kwaya?"

"Sindikumudziwa."

"Bambo Thurmond unawapatsa chiyani?"

"Ndani?"

"Usandipusitse. Maso ako ndinawaona ndikulowa muja. Ankachita kunyezimira ngati a mphaka waona nsomba."

Tavia anavomera ndi mutu.

"Zimenezo sindikana. Mtima unadumpha. Ndi ntchito yanga, ndipo nkhani ngati imeneyi munthu amakumana nayo kamodzi pa zaka khumi. Komanso nane ndili ndi agogo ku Paducah, ndipo ndikudziwa chimene ndingamuchite munthu wowasewera. Valani izi."

Renita anavala zomvera zija monyinyirika. Tavia anadina batani.

Kunamveka makina a udzu, chapatali. Kunamveka mawu ake omwe a Renita akung'ung'udza, kenako chitseko cha kukhonde chikumenyeka. Kenako mpando unalira.

"Wapita?" Anali mawu a amayi ake, onong'ona.

"Apita, amayi."

"Kanyale kofiirako kakamayaka, ndiye kuti kakumva?"

"Kakumva. Ndizimitse?"

"Ayi. Kasendeze pafupi."

Renita anavula zomverazo ngati zamuotcha.

"Mumadula n'kumata inu. Unanena wekha."

"Timadula, koma sitingaike mawu m'kamwa mwa munthu. Kawafunseni." Tavia anazengereza, kenako anapitiriza. "Ndipo palinso china. Si ine ndinawafunafuna amayi anu. Tili ndi nambala imene omvera amaimba n'kusiya uthenga. Anaimba okha, mu Januwale. Anati ali ndi nkhani ya tsitsi."

"Amayi anga sadziwa n'komwe kutsegula pulogalamu yanuyi."

"Anati amamvera pa foni ya Bambo ena a nyumba yoyandikana nayo."

Renita anatuluka osatsanzika. Garrett anamuthamangira ndi kapu yolembedwa dzina la wailesiyo ngati mphatso, ndipo iye anangoilandira.

Atafika kwawo dzuwa linali lisanalowe. Bambo Thurmond anali pakhonde pawo, ndipo atangomuona anayamba kuwerenga nyuzipepala mwakhama kwambiri. Renita anaima pa mpanda.

"Bambo Thurmond, udzu wa Lachiwiri umamera mosiyana ndi wa Loweruka?"

"Ine ndilibe mawu, mwanangu," anayankha ali kuseri kwa nyuzipepala. "Ndinangodya chitumbuwa cha mbatata. Munthu sakana chitumbuwa cha amayi ako."

Amayi ake anawapeza kukhitchini akusadzula masamba. Sanacheuke.

"Wachokera kumeneko," anatero.

"Masiku atatu, Amayi. Masiku atatu ndakhala ndikutukwana mwana wa eni ake mumtima. Earline ndamuweruza n'kumupachika. Osadziwa kuti msampha unatcheredwa m'nyumba mommuno, ndipo mbewa yake ndinali ine."

"Ukanakhalapo ukanandilola?"

"Ayi!"

"Ndiye ukufunsanji?"

Renita anakhala pansi, kapu ya ku wailesi ija akadali nayo m'manja. Mkwiyo unali utamuthera panjira, ndipo chotsala chinali mantha okhaokha.

"Chifukwa chiyani, Amayi? Munthu amene anatitaya ngati nsanza? Agogo anamwalira akuitana dzina lake, iye ali kwinakwake akudya ndi azungu anzake. Mukufuna tchalitchi chonse chidziwe kuti takhala tikulira maliro abodza?"

Mayi Odessa anapukuta manja pa epuloni, n'kukhala moyang'anana naye.

"Khadi linabwera Khirisimasi yathayi?"

"Ayi."

"Nanga ya chaka chinacho?"

Renita ankadziwa. Iye ndi amene ankatulutsa makalata m'bokosi.

"Zaka zonsezi sanaphonyepo," anatero gogoyo. "Ngakhale chaka chimene positi yanu inanyanyala ntchito linafika, mochedwa. Tsopano kawiri, zii. Mwina wadwala. Mwina mutu wasokonekera. Mwina chaka chino abusa akamawerenga dzina lake akhala akunena zoona kwa nthawi yoyamba, ine osadziwa. Galu wamkota sakandira pachabe, mwanawe. Sindinayambe misala."

"Munalonjeza kuti simudzamufunafuna."

"Ndipo sindinamufunefune. Envelopu iliyonse ndinkaitsegulira kumbuyo n'kuitaya, osayang'ana n'komwe chidindo, kuopa kuti ndingadziwe kumene ali miyendo n'kundinyamula. Ndinalonjeza zimenezo. Koma sindinalonjeze kuti ndidzafa ndili chete m'khitchini mwanga. Ngati ali moyo, mawu anga awadziwa. Ngati anapita, mwina kuli mwana wake amene amadabwa chifukwa chimene bambo ake ankameta mpala moyo wawo wonse ndiponso ankathawa mvula. Ameneyo akamva, adziwa."

"Ndipo akadziwa n'kutinyoza? N'kunena kuti alibe abale akuda?"

"Akatero ndiye watero. Chibale n'fupa, sichiola, koma sindinanene kuti sichibaya."

Anatambasula manja awo patebulo. Anali manja okhala ndi timabala ta moto wa zaka makumi asanu.

"Anthu amati anachoka yekha. Sanachoke yekha. Ndinamutsegulira chitseko ndine, ndi chipeso icho. Ndinaliwongola bwino kwambiri tsitsi lija, Renita. Pa mitu yonse imene ndinagwira, palibe umene ndinaukonza bwino ngati umenewo."

Apa mawu anawathera. Renita anali asanawaonepo amayi ake akulira, ngakhale pa maliro a bambo ake, ndipo nalonso tsiku limeneli sanalire. Furiji inkalira payokha pakona.

Naye Renita anali ndi kanthu kake kamene anakasunga zaka zambiri. Munthu wa ku positi sangaone envelopu osawerenga chidindo, ndi matenda a ntchito. Chaka chilichonse khadi lija likafika, diso lake linkagwera pakona ya kumanja lisanafike pena paliponse. Sanauzepo munthu, chifukwa ankaona kuti mwamunayo sayenera kufunidwa.

Anatulutsa foni m'thumba, naimbira Tavia, n'kuiika patebulo kuti onse azimva. Tavia anayankha itangolira kamodzi.

"Mayi Renita?"

"Tamvera, mtsikana iwe. Sindinanene kuti ndakukhulupirira."

"Ndamva."

"Dzina la Crenshaw lisamveke. Chithunzi cha amayi chisaikidwe pa tsamba lanulo, muikepo chipeso. Ndipo musanaulutse ubwere nayo kuno, tiimve tonse m'khitchini muno, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mzungu wako wa makapu uja asaikemo nyimbo zoliritsa anthu."

"Zonsezo zitheka. Koma ndiyenera kumva kwa amayi eni ake."

"Ndili pompano, mwanangu," anatero Mayi Odessa. "Usadule kanthu. Koma udikire Lamlungu lidutse. Abusa ayambe amva kwa ine."

"Chabwino, amayi."

Renita anakokera foni ija pafupi.

"Funso limodzi. Pulogalamu yanuyi imamveka mpaka kuti?"

"Kulikonse kumene munthu ali ndi foni. Komanso mawailesi ambiri a m'mizinda ina amaiulutsa Loweruka masana."

"Ku Duluth imamveka?"

Kunamveka kugogoda kwa zala pa kompyuta.

"Ku Minnesota? Eya. Loweruka, 2 koloko."

"Chabwino," anatero Renita, n'kudula foni.

Sanayerekeze kudzutsa mutu msanga. Atadzutsa, anapeza amayi ake akumuyang'ana, pakamwa pali potsegula pang'ono.

"Wati kuti?"

"Duluth, Amayi. Zaka zonse zimene ine ndakhala ndikuona. Chidindo chake sichinasinthepo."

"Duluth," anatero Mayi Odessa pang'onopang'ono, ngati akulawa chakudya chachilendo. "Kumazizira kumeneko?"

"Kwambiri."

"Ndiye ankadana ndi kuzizira mwana ameneyo."

Kenako gogoyo anadzuka, nayatsa mbaula, n'kuikapo chipeso chija.

"Sendera kuno. Lamlungu tchalitchi chonse chikhala chikutiyang'ana, ndipo sungapite ndi mutu umenewo. Gwira khutu."

Renita anakokera mpando pafupi ndi mbaula, nagwira khutu.